Pepala Limene Ndinabisa M'bokosi

Nkhani imene ndifuna kukamba nanu pano si yakumva kwa anthu iai, koma ndi ya m'nyumba mwanga momwe. Ndakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo ndisanagwire cholembera ndinayamba ndafunsa mkazi wanga ngati alola kuti anthu aimve. Iye anati, "Lembani, bambo. Amene anali kutiseka anaseka kale." Tsono ndilemba, ndipo ndiyesa kulemba mau apafupi, pakuti ndidziwa kuti ambiri a inu mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu kale, eni mabanja. Pena ndidzatchula zinthu zimene sitizitchula pabwalo. Mundikhululukire, chifukwa manyazi omwewo ndiwo anatsala pang'ono kupasula banja langa.

Ine ndinabadwa m'chaka cha 1979 m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, m'boma la Nkhotakota. Ubwana wanga wonse unathera m'madzi. M'mawa tinali kuthandiza asodzi kukoka khoka, masana tinali kusambira m'mabango, madzulo tinali kuwedza. Pamene ndinali ndi zaka ngati 12 ndinaona kuti mkodzo wanga uli kutha ndi timagazi. Ndinaopa, ndipo ndinauza mnyamata wina wamkulu. Iye anaseka nati, "Usalire, wakula iwe. Tonsefe tinapita momwemo." Ndinakondwa pomva kuti ndakula, ndipo palibe munthu amene ananditengera kuchipatala. Patapita zaka magazi aja analeka kuoneka, inenso ndinaiwala. Musunge mau amenewa, pakuti tidzawapezanso kutsogolo.

Nditatsiriza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya ku Dowa, ndipo kumeneko ndinapeza Nabanda. Ankhoswe anakambirana monga mwa mwambo, ndipo tinamanga ukwati m'chaka cha 2006. Chaka choyamba chinapita bwino, anthu anangoti ana awa akali kuzolowerana. Chaka chachiwiri ndinayamba kuona kuti amai a m'mudzi akamapatsa moni mkazi wanga maso ao ali pamimba, osati pankhope. Pofika chaka chachitatu anthu analeka kubisa.

Inu amene muli ndi ana simungadziwe bwino masautso a mkazi wopanda mphatso. Kumjigo amnzake akamakamba za sikelo, iye akafika nkhani imaduka. Tsiku lina anadzudzula mwana wa mnzathu amene anali kuponya miyala nkhuku zathu, ndipo mai wake wa mwanayo anatuluka nafuula kuti, "Bereka wako uzimulanga!" Nabanda analowa m'nyumba, natseka chitseko, ndipo tsiku limenelo pamoto sipanaikidwe mphika. Dzina lakuti chumba linamumatirira ngati chitedze. Koma ine panalibe wondinena. Anthu anali kundimvera chisoni, namati, "Aphunzitsi ndi munthu wopirira, wina akadamusiya kale mkazi ameneyu." Ndipo kunena zoona mau amenewo anali kundikomera m'khutu.

Tinayenda kwa asing'anga atatu kufuna mankhwala osula. Woyamba anatenga nkhuku ziwiri nati mkaziyo anamangidwa ndi azakhali ake. Wachiwiri anatenga mbuzi nati m'mimba muli njoka imene imataya mbeu. Wachitatu anamutema mphini m'chiuno monse. Mizu yowawa anamwa ndi Nabanda, mphini anatemedwa ndi Nabanda, ndipo ine nchito yanga inali kupalasa njinga ndi kulipira. Palibe ngakhale mmodzi wa atatuwo amene anandiyang'ana ine ndi kufunsa kanthu, ndipo nanenso sindinaganize kuti pali chofunsa.

Chimene chinandisocheretsa ndi ichi. Kwathu timati mwamuna wosabereka ndi uja alibe mphamvu m'nyumba, uja achinyamata amati anagwa mumpapaya. Tsono popeza ine mphamvu ndinali nazo monga mwamuna wina aliyense, ndinati mlandu suli kwa ine. Sindinadziwe kuti mphamvu ndi mbeu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala ndi khasu lakuthwa, nalima mizere yoongoka, koma ngati chimanga chimene abzala ndi chofumbwa, m'mundamo simumera kanthu. Ine ndinali mphunzitsi, woimirira pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, koma chinthu chaching'ono chimenechi sindinachidziwe.

M'chaka cha 2011 Nabanda anapita yekha kuchipatala, osandiuza. Anamupima, ndipo anamuuza kuti sanapeze chovuta chachikulu, koma kuti abwere ndi mwamuna wake. Atandiuza ndinapsa mtima. Ndinati, "Kodi mwayamba kundiyenda pansi? Mufuna anthu andione pamzere wa amai apakati?" Ndinakana kwa chaka chathunthu. Chimene chinandigonjetsa si nzeru iai, koma kutopa ndi misozi ya usiku. Ndinati ndipite kuti dokotala anene yekha kuti ine ndili bwino, nkhani ithe.

Dokotala amene tinamupeza anali munthu wofatsa. Anatenga pepala najambula, ndipo zimene anatiphunzitsa tsiku lija ndizifotokoza monga momwe ndinazimvera, pamodzi ndi zina zimene ndawerenga pambuyo pake.

Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira m'mimba mwake, kena kumanja kena kumanzere. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima ndi kutuluka, ndipo limatero patatsala masiku ngati 14 kuti mkaziyo asambenso. Dziralo ndi laling'ono kwambiri, ngati kadontho ka nsonga ya singano, ndipo likatuluka silikhalitsa: likapanda kukumana ndi mbeu ya mwamuna limafa patangopita tsiku limodzi. Koma mbeu ya mwamuna ikhoza kukhala yamoyo m'thupi la mkazi kufikira masiku 5. Kotero pa mwezi wonse pali masiku ngati 6 okha amene mkazi angaime, ndiwo masiku 5 dzira lisanatuluke ndi tsiku lotulukalo. Pamenepa ndinakumbukira anzanga a nchito zakutali amene amafika kwao kamodzi pa miyezi itatu, nagona masiku awiri, kenaka namadandaula kuti mkazi saima.

Dzira ndi mbeu zimakumana m'kanjira kopapatiza kochokera ku thumba la mazira kupita ku chiberekero. Tinjira timeneti tili tiwiri, ndipo sitichedwa kutsekeka. Chinzonono, ndi nthenda ina yofanana nacho imene madokotala amati chlamydia, zikapanda kuchiritsidwa msanga zimasiya zipsera m'menemo. Choipa chake ndi chakuti mkazi akhoza kukhala ndi nthenda zimenezi osamva kupweteka kulikonse, ndipo kawirikawiri woibweretsa m'nyumba ndi mwamuna yemweyo amene mawa adzamutcha chumba. Nthendazi zimatsekanso njira za mwamuna.

Tsono dokotala anatembenukira kwa ine. Anati madzi amene mwamuna amatulutsa si mbeu yeniyeni iai. Mbeu ndi tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, tamichira ngati mbululu, tosambira m'madzimo. Timayenera kukhala tambirimbiri, chifukwa ulendo wake ndi wautali ndipo tochuluka timafera panjira. Pa nthawi imeneyo madokotala anali kuwerengera kuti mbeu zachepa ngati sizifika 15 miliyoni m'mililita imodzi. Ndipo kuti mumvetse, kasupuni ka tiyi kamalowa mamililita 5. Mwamuna akhoza kutulutsa madzi ambiri koma mbeu zili zochepa, kapena zofooka zosatha kusambira, kapena mulibe ndi imodzi yomwe, ndipo iye sangadziwe popanda kupimidwa. Anatinso mwa mabanja onse osowa mphatso, pafupifupi theka chovuta chimapezeka kwa mwamuna, pena kwa iye yekha, pena kwa onse awiri. Nditamva mau akuti theka ndinaseka mwaulemu, koma m'mimba munachita kuti myuu.

Anandiuza kuti ndikhale masiku atatu osakhala malo amodzi ndi mkazi wanga, kenaka ndibwere ndi umuna m'kabotolo. Anatenganso mkodzo, nandipima thupi lonse. Tsiku lokamva zotsatira ndinapita ndekha. Ndinauza Nabanda kuti asavutike, ndalama ya ulendo wa anthu awiri palibe.

Dokotala anandikhazika pansi nandiuza zinthu zitatu. Mbeu zanga sizinafike ngakhale theka la chiwerengero chija, ndipo zambiri zinali zaulesi. Kumavalo, mbali ya kumanzere, kunali mitsempha ya magazi yotupa. Anati mavalo anaikidwa kunja kwa thupi chifukwa mbeu zimapangika bwino pamalo pozizirirapo kusiyana ndi m'kati mwa thupi, ndipo mitsempha ikatupa magazi amadikha, malowo natentha. Chachitatu, mumkodzo anapeza mazira a likodzo. Anandifunsa kumene ndinakulira, ndipo nditatchula kunyanja anangogwedeza mutu. Magazi aja amene anzanga anati ndi chizindikiro cha kukula anali nthenda. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi odikha, timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa, ndipo timakhala m'mitsempha zaka zambiri tili kuikira mazira. Mazirawo samangokhala m'chikhodzodzo, amafikanso ku ziwalo zoberekera za mwamuna ndi za mkazi.

Anandipatsa pepala lolembapo zonsezi, nati ndibwerenso pamodzi ndi mkazi wanga kuti tiyambe chithandizo.

Apa ndipo pali nkhani yeniyeni, ndipo dzanja langa lilemera polemba. Ndinatuluka m'chipatala muja, ndinakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali, ndipo ndinapinda pepala lija kanayi. Nditafika kunyumba ndinaliika pansi penipeni pa bokosi la mabuku anga a ku koleji. Nabanda anandichingamira nalandira chikwama, nafunsa kuti, "Mwayenda bwanji, bambo? Akuti chiyani?" Ine ndinati, "Akuti ndili bwino. Akuti tingodikira." Iye anayang'ana pansi nati, "Ndiye kuti ndine." Ndinamva mau amenewo, ndipo sindinayankhe.

Ndinakhala chete miyezi 8. Kuchipatala sindinabwerereko. M'miyezi imeneyo mkazi wanga anaonda, naleka kupita kumsika masiku a anthu ambiri. Anayambanso kumwa mizu ina imene mnzake anamupatsa, ndipo ine ndinali kumuona ali kufinya nkhope pomeza, ndili kudziwa kuti mankhwalawo ali kulowa m'thupi losadwala. Kusukulu ndinali kulanga ana onama. Ndikumbukira tsiku lina ndinaimika mnyamata patsogolo pa anzake chifukwa anabisa kalata yopita kwa makolo ake, ndipo ndili pakati pomudzudzula mau anandithera pakamwa.

Chimene ndinali kuopa ndi dzina. Ndinadziwa kuti anthu sadzasiyanitsa. Adzangoti aphunzitsi ndi gojo, ndipo ana a sukulu adzalemba pakhoma la chimbudzi. Ndinaona dzina limenelo kukhala lolemera kwambiri kwa ine, chikhalirecho mkazi wanga anali atasenza lake zaka 6.

M'chilimwe cha 2013 amai anga anabwera kuchokera kunyanja pamodzi ndi alongo anga awiri. Sanabise chimene anadzera. Anati, "Mwananga, zaka zatha. Kwathu tapeza mtsikana wa mtundu wobereka. Uyu mumperekeze kwao mwaulemu." Mbiri inafika kwao kwa Nabanda, ndipo amalume ake, amene ndiwo nkhoswe yake, anabwera. Nao anali ndi maganizo ao. Pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, kotero mbumba yao ndiyo inali kuchepa, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti amai ena a kumeneko anali atayamba kunong'onezana za kulowetsa fisi m'nyumba, kuti aone ngati chovuta chili kwa mkamwini.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya sukulu. Akuluakulu analankhula nthawi yaitali, mbali iyi ndi mbali iyo. Potsiriza anafunsa Nabanda. Iye anagwada nati, "Ine ndilibe mau. Aphunzitsi anapimidwa ndipo ali bwino. Sindifuna kuwamanitsa ana. Ndipita." Ananena zimenezi osalira, ndipo kusalira kwakeko ndiko kunandithyola. Ndinanyamuka osapempha, ndinalowa m'nyumba, ndinakhuthula bokosi lija, ndipo ndinabwera ndi pepala. Linali m'Chingerezi, tsono ndinawerenga ndi kumasulira mzere uliwonse, osadumpha.

Panakhala chete. Amai anga anati, "Pepala lidziwa chiyani za mwana wanga?" Ndinati, "Amai, mukumbukira magazi aja ndili mwana? Munachapa kabudula wanga ndinu." Sanayankhe, anangokoka chitenje naphimba pakamwa. Amalume a Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: "Akamwini, pepalali mwalandira liti?" Ndinatchula mwezi. Iwo anawerenga pa zala, nati, "Hmm." Sanaonjezepo kanthu, koma ndikadakonda akadandimenya ndi ndodo yao.

Alendo atapita Nabanda sanandilankhule masiku anai. Anali kuphika, naika nsima patebulo, nakadyera kukhitchini. Tsiku lachisanu anati, "Bambo, nthenda siitanidwa, imeneyo sindikuimbani nayo mlandu. Koma mizu ija munali kundiona ndili kumwa." Ndinalibe choyankha, ndipo kufikira lero ndilibe. Za fisi tinakana tonse awiri. Iye anati si mbuzi yoti aziikokera kwa tonde, ndipo ine ndinaonjeza kuti fisi alowa ndi zimene ali nazo m'magazi mwake, ngakhale kachilombo ka HIV.

Tinabwerera kuchipatala tonse awiri. Likodzo anachiza ndi mapiritsi otchedwa praziquantel, akumwa tsiku limodzi lokha. Ndinadabwa kuti nthenda imene ndinayenda nayo zaka zoposa 20 ili ndi mankhwala apafupi chotero. Mitsempha yotupa ija anaimanga pa opaleshoni yaing'ono ku chipatala chachikulu. Anandiuza kuti ndileke fodya, ndichepetse mowa, ndipo ndisayembekeze kusintha msanga, pakuti mbeu ya mwamuna imatenga masiku ngati 74 kuti ipangike, ndiye kuti miyezi iwiri ndi theka. Atandipimanso patapita miyezi 6 chiwerengero chinakwera, ngakhale sichinafike pa cha amuna ena. Nabanda anaima kumapeto kwa 2014, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwa m'chaka cha 2015, ukwati wathu uli ndi zaka 9. Ndi mmodzi yekhayo. Wina sanabwere, ndipo taleka kuwerenga masiku.

Sindifuna kukunamizani kuti aliyense wopita kuchipatala amabwerako ndi mwana. Alipo amene njira zao zinatsekeka kotheratu. Alipo amuna amene anadwala matsagwidi atatha msinkhu, nthendayo nitsikira kumavalo ndi kuononga. Aliponso mabanja amene madokotala amapima zonse osapeza chifukwa. Kuyambira m'chaka cha 1978, pamene mwana woyamba wotere anabadwa ku England, madokotala amatha kukumanitsa dzira ndi mbeu kunja kwa thupi ndi kubwezera m'chiberekero, koma mtengo wake mphunzitsi kapena mlimi sangaufike. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza m'chaka cha 2023 kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka momwe. Tsono mukakhala pa msonkhano wa mudzi, werengani mitu, simuli nokha.

Madokotala amati banja likakhala miyezi 12 lili kugona pamodzi kawirikawiri, osalera, koma mkazi osaima, nthawi yopita kuchipatala yakwana. Ndipo ngati mkazi wapitirira zaka 35 asadikire chaka, apite patatha miyezi 6, chifukwa mazira a mkazi amachepa ndi msinkhu. Ife tinadikira zaka 6, ndipo mbuzi ndi nkhuku zinapita chabe. Kupima mwamuna ndiko kwapafupi, kosapweteka, kwa tsiku limodzi, pamene kupima mkazi kuli ndi njira zambiri zovuta. Chifukwa chake ine ndimati mwamuna ndiye ayenera kutsogola pakhomo la dokotala. Kwa alongo anga a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo ndinenepo ichi: likodzo la kumalo obisika limadzetsa kuyabwa, chikazi chachilendo ndi timagazi, ndipo ambiri amaliyesa nthenda ya chiwerewere. Akazi ena anyozedwa ndi kumenyedwa pa mlandu wa nkhono za m'madzi. Mukapita kuchipatala muzinena kuti mumachapa ndi kusamba kunyanja kapena kumtsinje.

Amai anga anamwalira mdzukulu wao ali ndi zaka zitatu. Sanapepese kwa mpongozi wao ndi pakamwa, pakuti anthu a msinkhu wao sachita zotero, koma chaka chilichonse anali kutumiza dengu la usipa wouma, nanena kwa wonyamula kuti, "Ukapereke m'manja mwa Nabanda, osati mwa aphunzitsi."

Tsopano ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kufupi ndi dambo. Alangizi a zaumoyo akabwera ndi mapiritsi a likodzo, amaimika mwana aliyense pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi angati amuyenera. Makolo ena amaletsa ana ao, amati mankhwalawo ndi oletsa kubereka. Chaka chatha ndinaitana makolowo, ndinauza amai ophika kuti phala lipse m'mawa chifukwa mapiritsiwo safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo ndinaima pa ndodo ija ine woyamba. Ana anaseka poona aphunzitsi aakulu ali kuyezedwa ngati wa Sitandade 1. Ndinameza anga pamaso pa onse, ndipo wachiwiri pamzere anali mwana wanga. Makolo anai anatenga ana ao nabwerera nao kunyumba, otsalawo anamwa.